Kubwezeretsa nkhalango yachilengedwe pamalo a khonsolo mu Mzuzu: yambani ndi zitsa

Ngati gulu lanu lapatsidwa kamalo mumzinda muno kuti mubwezeretsepo nkhalango, musathamangire kukagula mbande. Dikirani kaye mpaka kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala, udzu utauma kapena utapsa, ndiye mukayende pamalopo pang'onopang'ono, maso ali pansi. Nthawi imeneyi mitengo ya miombo imatulutsa masamba anthete ofiira mvula isanagwe n'komwe, motero chitsa chilichonse chamoyo chimadziulula chokha. Pamene anthu amati ndi tchire lopanda ntchito mudzapezapo timitengo tolekeza m'mawondo: mombo, tsamba, msuku, muula, mpoza, chitimbe. Musatione kuchepa. Tambiri tili ndi mizu yakalekale yozama kwambiri, ndipo ndi pamwamba pokha pamene chikwanje, khasu, mbuzi ndi moto zimameta chaka ndi chaka.

Ine ndi anzanga a m'dera lathu timasamalira kachigwa kamene kanasiyidwa pa mapu a mzinda kuti kakhale malo opumulirako anthu. Pansi pake pamadutsa kamtsinje kokathira mu Lunyangwa, m'mbali muli katondo wofiira wa ku Mzuzu kuno. Zimene ndaona pamenepo zandifikitsa pa mfundo imodzi, yakuti kubzala ndi kagawo kakang'ono chabe ka ntchitoyi. Gawo lalikulu ndi kuteteza zimene zili kale m'nthaka, ndipo limagwiridwa m'chilimwe, nthawi imene kulibe mlendo wolemekezeka, kamera kapena tisheti yaulere. Boma limatsegula nyengo yobzala mitengo pa 15 Disembala n'kuitseka pa 15 Epulo, ndipo mu 2016 dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Zonsezo n'zabwino. Koma amene anabzala pa mwambo mu Januwale mukamufunse mu Novembala kuti yatsala ingati, muona akuyamba nkhani ya mpira.

Nkhalango yake iti?

Funsoli likuoneka lachibwana, koma ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti nkhalango ndi mizere ya paini. Mzinda uno unamera pa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, n'kudzapatsidwa ulemu wa mzinda mu 1985. Chakummwera kwathuku kuli Chikangawa, kumene kunabzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000, ambiri a paini. Paini wochuluka kumeneko kwawo ndi ku Mexico, bulugama ndi wa ku Australia, malaina wa ku Asia, jakaranda wa ku South America. Mitengo imeneyi ili ndi ntchito yake, denga la nyumba yanga nalonso ndi la paini. Koma pansi pa paini wothithikana simumera kanthu, ndipo bulugama m'mbali mwa kamtsinje amamwa madzi mosaumira.

Kuti muone chimene mukufuna kubwezeretsa, kayendeni m'mbali mwa nkhalango ya Kaning'ina, kapena ku Botanic Garden ya mumzinda muno, imene ili m'manja mwa bungwe losamalira zomera la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Tengani kope ndi munthu wachikulire wodziwa mitengo. Mudzaona kuti pali nkhalango ziwiri zosiyana ngakhale zili pamtunda umodzi. Kumtunda, pouma, kuli miombo: mombo, tsamba, mchenga, msuku, muula, muwanga, apo ndi apo mlombwa. Mitengo imeneyi imatalikirana, dzuwa limafika pansi, udzu umamera, ndipo moto wochepa imaupirira. Kumunsi, m'mphepete mwa madzi, kuli katope, msopa, mwimbi, mbawa, mikuyu ndi chiwale. Iyi imakhala yobiriwira chaka chonse, pansi pake pamazizira, ndipo moto ukalowamo kamodzi zatha.

Ndiye gawani malo anu chimodzimodzi. Jambulani papepala pamene madzi amaima mu Malichi, pamene pamakhala chinyezi mpaka Ogasiti, ndi pamene pamauma gwa. Pakati penipeni pa dambo, pomera mlulu ndi bango, musabzalepo mtengo uliwonse. Dambo linapangidwa kuti likhale dambo, limasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe.

Samalaninso ndi mitengo ya ku Malawi konkuno koma yosakhala ya kuno. Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, kumazizira ndipo mvula imachedwa kusiya. Mlambe ndi msangu zimasangalala kotentha, kunyanja ndi kuchigwa cha Shire. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko, inde, koma kwawo ndi pamwamba pa phiri la Mulanje. Wina akakupatsani mbande zimenezi kwaulere, bzalani umodzi pakhomo la malowo kuti ana aziuona, osati kudzaza nazo malo.

Mapepala ndi anthu

Musakumbe dzenje musanagwire kalata ya khonsolo m'manja. Dzerani kwa khansala wanu, komiti ya chitukuko ya wadi ndi mabuloko lida, ndipo kalatayo itchule malire a malowo ndi chimene mwaloledwa kuchitapo. Malo opanda nyumba mumzinda muno ali ndi maso ambiri. Pemphani kuti akusonyezeni mabikoni, muwajambule pa foni, mufunsenso kumene kukudutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a ESCOM. Mbawa yobzalidwa pansi pa mawaya idzadulidwa mutu ikangoyamba kukongola. Kadzionetseninso ku ofesi ya za nkhalango. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, silola kutenga zinthu m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo inu mudzafunako mbewu ndi dothi pang'ono.

Kenako fufuzani amene akugwiritsa kale ntchito malowo, chifukwa malo opanda mwini kulibe. Pali amayi olima dimba, anyamata oumba njerwa, otola nkhuni, ana osewera mpira, ndi opemphera m'mamawa. Mukawathamangitsa, mbande zanu zidzazulidwa usiku ndipo simudzadziwa wozula. Kwathu kunali amayi ena achikulire olima chimanga chakumtunda kwa chigwacho. Tinawapeza akusosa, tinapereka moni, kenako mnzanga anati, "Amama, chimanga chanu sitichikhudza. Tikungopempha kuti zitsa tazipaka penti izi muzizilambalala polima." Iwo anaseka n'kunena kuti, "Ana inu, zitsa zimenezo ndalimbana nazo kuyambira kale, sizifa." Anatitchulira mtundu wa chitsa chilichonse, ndi chimene khungwa lake limachiza. Pomwe pankalimidwa chimangapo ndi pamene timitengo tinakula msanga, chifukwa pankapaliridwa ndipo moto sunkafikapo. Mgwirizano ukhale woti alime mpaka mthunzi utachuluka, ndipo zimenezi zilembedwe, wina asadzati munamupatsa munda.

Ntchito ya pa chitsa

Apa ndiye pamene ndikufuna muchedwepo. Chitsa cha mombo chodulidwa chimatulutsa mphukira zambirimbiri, mwina khumi ndi mphambu, zonse zikulimbirana chakudya. Mukazisiya choncho chimangokhala chitsamba. Gwadani pansi, kankhirani udzu kumbali, muone pamene mphukira iliyonse yatulukira. Sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka, zamphamvu, makamaka zotulukira m'munsi pafupi ndi nthaka. Zotulukira pamwamba pa chitsa zimaoneka zonenepa koma zimangomatirira pakhungwa, mphepo ikawomba zimang'ambuka. Zotsalazo dulani.

Chikwanje chikhale chakuthwa zedi, ndipo podula muzitema chokweza, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mukatema chotsitsa khungwa limasendeka mpaka pachitsa, bala limakula, chiswe ndi matenda zimalowera pamenepo. Pa mphukira mwasiyazo, sadzani nthambi za m'munsi kulekeza theka la msinkhu wake basi. Anthu amakonda kusadza mpaka kunsonga kuti mtengo uoneke wamtali, koma masamba ndiwo amadyetsa mtengo, ndipo ndodo yopanda masamba imathyoka. Lambulani udzu mita imodzi kuzungulira, khomani chikhomo chopaka penti yoyera kapena yofiira kumutu. Chaka chamawa mudzachotsepo mphukira ina, kutsale imodzi kapena ziwiri. Ife timachita zimenezi mvula ikamatha, mu Epulo ndi Meyi, pamene zamphamvu zaoneka kale, ndipo nthambi zodulazo zimakhala nkhuni za amene agwira ntchito tsikulo.

Mphukira ya pachitsa imakula mwamsanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa muzu wake ndi wa mtengo waukulu. Siifuna kuthirira, siifuna dzenje, siifuna ndalama. Njira imeneyi si yachilendo. Ku Niger, m'zaka za m'ma 1980, Tony Rinaudo ndi alimi a ku Maradi anayamba kusamalira zitsa m'minda m'malo mobzala, ndipo lero kumeneko kuli mahekitala mamiliyoni okhala ndi mitengo. Nkhalango zathu za kumanda nazonso palibe anazibzala, zinangoleka kudulidwa.

Msuku ndi muula zimaphukiranso kumizu, kutali ndi chitsa, ndiye mumapeza timitengo tambiri tothinana pamalo amodzi. Patulirani kuti pakati pazidutsa munthu. Koma ndi msuku musapupulume: pali mitengo yaimuna ndi yaikazi, ndipo yaimuna siibala. Wina akaidula poti ndi yosabereka, yaikaziyo nayo imasowa mungu.

Alendo amene alipo kale

Mitengo yachilendo musaigwetse yonse tsiku limodzi, ndipo waukulu uliwonse muyambe mwapempha chilolezo. Mukaseseratu malo, dzuwa limawotcha nthaka, mvula imakokolola, ndipo choyamba kumera ndi zitsamba zachilendo za lantana ndi deliya. Chotsani kachigawo kamene mungathe kukasamalira chaka chomwecho.

Paini ndi wosavuta, mukadula saphukanso, ndipo ana ake amazuka ndi manja mvula ikagwa. Bulugama ndi wamakani. Amaphuka mobwerezabwereza, ndiye muzithyola mphukira zake zikadali zanthete, kapena kwirirani chitsa ndi pulasitiki yakuda n'kuunjikapo dothi. Kusenda khungwa kuzungulira thunthu kumapha mtengo uli chiimire, koma musachite zimenezi pafupi ndi njira kapena nyumba, pakuti mtengo wouma sulengeza tsiku logwa. Gwafa ndi lantana kumbani ndi mizu yomwe. Lantana wodula musapangire mpanda, amamera pomwe wagwerapo. Muunjikeni pamalo ouma, mizu ili m'mwamba.

Mango ine ndimasiya. Si wachilengedwe, koma ana amene amabwera kudzagenda mango ndi omwe amayamba kuona utsi moto ukabuka. Mitengo ina ikuluikulu yachilendo mungaisiyenso zaka zingapo kuti ipereke mthunzi kwa mbande za mbawa ndi mwimbi, n'kudzaichotsa pambuyo.

Mbewu ndi nazale

Mukawerenga zitsa ndi pamene mudziwe mipata yofunika kubzala. Kawirikawiri kumtunda mipata imachepa, koma kumtsinje, kumene kunalimidwa madimba ndi kukumbidwa dothi la njerwa, zitsa zinatha. Mbewu mungagule ku FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango ku Zomba, koma ya mitengo ya kuno ndi bwino kutola konkuno, pa mitengo imene inazolowera chisanu chathu. Musatole pa mtengo umodzi wokha ngakhale utabereka chotani. Tolani pang'onopang'ono pa mitengo khumi kapena kuposa, yotalikirana, kuti nkhalango yanu isakhale ya ana a mayi mmodzi. Ngati mtengo simukuudziwa, thyolani kanthambi kokhala ndi masamba ndi chipatso mukafunse ku Botanic Garden kapena kwa ophunzira za nkhalango ku Mzuzu University ku Luwinga.

Mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Zikhokhombe za mombo, tsamba ndi mchenga zimaphulika kukatentha, mu Sepitembala ndi Okutobala. Masana dzuwa lili paliwombo mumamva kuti thwa, thwa m'mwamba, njere zikumwazikira kutali. Thyolani zikhokhombe zofiirira zisanaphulike, ikani m'thumba padzuwa, ziphulikire momwemo. Njere zimenezi zimamera mosavuta, koma mbande zake sizikonda chubu chifukwa muzu umathamangira pansi. Fesani pamalo pomwepo mvula ikakhazikika, njere zitatu paphando, mukhomepo chikhomo. Ndipo konzekerani kupirira. M'chilimwe kamtengoko kamauma pamwamba, mvula ikagwa kamaphukanso, chaka china chimodzimodzi, mpaka muzu utakhwima. Sikanafe, musakumbepo.

Msuku umapsa mu Novembala ndi Disembala. Idyani masukuwo, tsukani njere, mufese sabata yomweyo. Njere ya msuku ikauma yafa, siisungika m'botolo. Podzaza machubu sakanizanimo dothi lapamwamba lotapa pansi pa msuku waukulu. Mizu ya msuku ndi ya miombo imakhala limodzi ndi bowa, ulusi wa bowawo umakuta timizu n'kumathandiza mtengo kuyamwa chakudya m'nthaka yosauka. N'chifukwa chake bowa wa m'tchire amamera pansi pa mitengo imeneyi osati m'munda wa chimanga. Popanda dothi limenelo mbande zimachita chikasu n'kupinimbira. Msuku wofesa mu Disembala udzakhala pa nazale mpaka dzinja linalo.

Katope nayenso amafuna kufesa zipatso zikangopsa, zikada bii. Chotsani mnofu, fesani, musayanike. Mbawa ili ndi chipatso cholimba chimene chimang'ambika chokha n'kutulutsa njere zaphanthiphanthi zofiirira. Sankhani zopanda timabowo ta tizilombo, fesani osaviika, zimamera m'masabata ochepa. Mukafesa mu Ogasiti kapena Sepitembala, pofika Januwale zakwana. Njere zolimba khungu monga za mthethe ndi mtangatanga ziviikeni m'madzi otentha amene mwaphula pamoto, zigone momwemo, mawa lake mufese zimene zafufuma. Mlombwa ndi muula zimavuta kumeretsa, ndipo ine sindingakulangizeni kutayirapo nthawi chaka choyamba. Tetezani zimene mwazipeza zamoyo.

Mkuyu ndi kachere safuna nazale n'komwe. Dulani nthambi yonenepa ngati mpini wa khasu, yotalika mita imodzi ndi theka kapena awiri, muizike mozama mvula ili pafupi, mutsendere dothi. Ikagwira imakhala yapitirira kale pakamwa pa mbuzi. Mikuyu ndi yofunika kuposa m'mene imaonekera, chifukwa mbalame ndi mileme zodya nkhuyu zimagwetsa pansi pake njere za mitengo ina zimene zadya kwina. Koma iikeni kutali ndi nyumba, zimbudzi ndi mapaipi. Mizu yake imang'amba simenti.

Za nazale sindichulutsa, ambiri mukudziwa. Ife timasakaniza mawilibala awiri a dothi lakuda, imodzi ya mchenga ndi imodzi ya manyowa owolerana. Mthunzi wa udzu, kuthirira ndi kheni m'mawa. Pakatha masabata awiri aliwonse nyamulani machubu ndi kudula mizu yotulukira pansi. Kukatsala mwezi kuti mubzale, chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Mbande yaifupi yolimba tsinde imaposa yaitali yolobodoka.

Kubzala

Maenje kumbani mvula isanayambe kapena ikangofewetsa nthaka. Alangizi amati masentimita 30 m'lifupi ndi 30 kuya, koma pa katondo wopondedwapondedwa wa mumzinda ine ndimafikitsa 45. Dothi lapamwamba liikeni mbali ina, lidzayambe kubwerera m'dzenje. Bzalani kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, nthaka itanyowa mpaka pansi, makamaka madzulo kapena tsiku la mitambo. Kuno tili ndi mwayi woti mvula imapitirira mpaka Epulo, mwina Meyi, kenako kumabwera mawawa a m'nyengo yozizira. Mwayi umenewu usakunyengeni kuti mubzale mu Malichi. Mbande imafuna miyezi yathunthu ya mvula kuti muzu utsike chilimwe chisanafike.

Ng'ambani chubu, musabzale nacho, ndipo mapulasitikiwo tolani. Dothi lilekeze pomwe linalekeza m'chubu. Pondani kuzungulira, ndipo pamalo otsetsereka umbani kamzere kokhota kumunsi kwa mbande kuti kazikola madzi. Phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde, kuopa chiswe. Miombo ndi msuku musathire feteleza, zinazolowera nthaka yosauka. Za kumtsinje manyowa pang'ono amathandiza.

Chingwe chisiyeni kunyumba. Nkhalango yachilengedwe ilibe mizere, ndipo mitundu isakanikirane. Talikitsani mamita awiri kapena atatu. Pa mamita awiri mbali zonse, hekitala imodzi imadya mbande 2,500, ndiye muone kufunika kowerenga zitsa musanaitanitse. Mbawa musaibzale yokhayokha pamtetete. Pali kambozi koboola nsonga yake, mtengo n'kuchita nthambi zambiri uli waufupi, ndipo kamavuta kwambiri mbawa zikaunjikana padzuwa. Imwazeni pakati pa mitengo ina, pamthunzi pang'ono.

Mudzamva za njira ya Akira Miyawaki wa ku Japan, yobzala mbande zitatu kapena kuposa pa sikweya mita imodzi, nthaka itatipulidwa ndi kuthiridwa manyowa ambiri. Pa kamalo kochepa ka pasukulu, ndi mitengo ya kumtsinje, mungayese ngati ndalama ndi madzi zilipo. Pa miombo sindikuona nzeru yake, pakuti mitengo imeneyi imafuna dzuwa ndi danga.

Ngati pamalopo pali chigwembe, yambani ndi madzi ochokera kumtunda. Madenga a malata ndi misewu zimatsanulira madzi onse m'zigwa, ndipo amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira m'mene madzi anagwetsera nyumba mumzinda muno. Bzalani vetiva m'mizere yopingasa, tchingani chigwembe ndi miyala ndi zikhomo, mitengo ibwere nthaka itakhazikika.

Moto

Chimene chimapha nkhalango yaing'ono kuno ndi moto wa Sepitembala mpaka Novembala. Oyatsa si adani ayi. Ndi ana osaka mbewa, mayi wotentha zinyalala kuseri kwa mpanda, wososa dimba, wodutsa wotaya ndudu. Ola limodzi limakwana kufafaniza thukuta la zaka zitatu.

Mu Meyi ndi Juni lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malo onse, mamita atatu kapena anayi m'lifupi, mpaka dothi lioneke. Kungotchetcha sikukwanira, moto umayenda pa ziputu. Njira za anthu zodutsa m'katimo zikuzeni kuti zigawe malowo m'zigawo, moto ukalowa chigawo chimodzi ulekeze pomwepo. Kenako chotsani chakudya cha moto. Udzu wautali itanani anthu adzamwete kwaulere, ofolerera makhola, omanga mipanda ndi oweta ng'ombe za mkaka amaufuna. Muwayendetse kaye kuti aone zikhomo, chifukwa chikwakwa sichisankha.

A zankhalango ali ndi njira yotentha msanga, udzu usanaumitsitse, m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, kuti moto ukhale wozizira ndipo wa Okutobala udzasowe chodya. Kutchire imagwira ntchito. Mumzinda, nyumba zili pafupi, ine ndimati mwetani m'malo motentha. Ngati mwaumirira, zikhale kumtunda kokha, mitengo itapitirira msinkhu wa munthu, a khonsolo ndi ozimitsa moto akudziwa. Kumtsinje moto usafikeko zivute zitani.

Khalani ndi gulu la WhatsApp la nyumba zoyang'anizana ndi malowo, ndipo aliyense adziwe kuti akaona utsi aimbe foni, asalembe uthenga. Moto wa udzu waufupi umazimitsika ndi nthambi zaziwisi, kuumenya kuchokera m'mbali ndi kumbuyo, osati kuima kutsogolo kwake. Ana asayandikire. Ndipo ukapsa musataye mtima ndi miombo: dulani zouma, dikirani mvula, zambiri zimaphuka.

Pokonza bajeti, ndalama ya aganyu a m'chilimwe ichuluke kuposa ya mbande. Opereka thandizo amakonda kulipira mbande chifukwa zimawerengeka ndipo zimajambulika. Akakamizeni alipire makasu, zikwakwa ndi ganyu yolambula.

Mbuzi, akuba ndi mantha a anthu

Mbuzi za mumzinda n'zochepa koma zilipo, ndipo mbande yobiriwira mu Okutobala ndiyo ndiwo yake. Waya wa mpanda amabedwa, musataye ndalama. Tchingani mbande iliyonse ndi nthambi zaminga, kadengu ka nsungwi kopanda pansi, kapena njerwa zosweka zosanjikiza motalikirana kuti mphepo izidutsa. Mwini mbuzi mukambirane naye pamaso pa buloko lida.

Pali dandaulo limene muyenera kulimva mosanyoza. Anthu amaopa kuti nkhalango ibisa akuba, njoka ndi osuta chamba, ndipo mayi wobwera kumsika madzulo ali ndi chifukwa choopera. M'mbali mwa njira sadzani nthambi mpaka kupitirira mutu wa munthu, udzu ukhale waufupi mamita angapo mbali zonse, kuti woyenda aziona patali. Zowirira zikhale m'kati ndi kumtsinje. Ikani mabenchi pomwe pakuonekera kumsewu. Malo amene anthu amakhalapo masana satayidwapo zinyalala kawirikawiri, ndipo sasanduka chimbudzi.

Malamulo akhale ochepa ndipo alembedwe pa chikwangwani m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Athu amalola kutola masuku, bowa ndi nkhuni zogwa zokha. Amaletsa nkhwangwa, moto ndi kusenda makungwa. Za makungwazi mukambirane ndi asing'anga ndi agogo ofuna mankhwala, chifukwa mbawa ndi muwanga zimasendedwa mpaka kuuma. Wosenda atenge kachigamba kakang'ono mbali imodzi, asazungulize thunthu. Ming'oma ya njuchi ndi yabwino koma pa malo aakulu okha, kutali ndi njira ya ana a sukulu.

Kuwerenga

Werengani mitengo yanu mu Novembala, mvula isanagwe. Chiwerengero cha mu Febuluwale n'chonyenga, nthawi imeneyo chilichonse chimakhala chobiriwira. Lembani m'kope mtundu uliwonse padera, zobzala padera, za pazitsa padera, ndi chimene chapha iliyonse yakufa: moto, mbuzi, chiswe, kuuma kapena kuzulidwa. Sankhani malo atatu kapena anayi oimapo, monga pa bikoni kapena pa mlatho, muzijambula chithunzi choloza mbali yomweyo mwezi womwewo chaka chilichonse. Zithunzi zimenezi zimathandiza tsiku limene wina wabwera ndi pepala lonena kuti malowo ndi puloti yake.

Kuyambira chaka chachiwiri muziyang'ana pansi pa mikuyu ndi pansi pa mitengo imene mbalame zimatera. Mudzapeza timbande timene simunabzale, monga mpefu, msopa ndi katope. Tikhomereni zikhomo aganyu otchetcha asanafike, ndipo tikathinana zulani tina ndi dothi lake mu Januwale mukapachize pomwe pafa zina. Popachiza musabwezere mtundu womwewo mwachimbulimbuli. Katope akauma pamalo ndiye kuti m'pouma, yesanipo msuku. Msuku ukafa mizu itawola ndiye kuti pamaima madzi, ikanipo katope kapena msopa. Dzenje limene lapha mbande kawiri likumbeni mozama muone chili pansi. Nthawi zambiri mupeza mwala, zidutswa za njerwa kapena mapulasitiki okwiririka. Ngati ndi zinyalala, chotsani mudzazemo dothi labwino. Ngati ndi mwala, kwirirani, pasiyeni pamere udzu, benchi yotsatira mudzaiike pamenepo.